Nyumba zilipo 18, opempha 140: tisankhe bwanji osakondera?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Iwo ndi mlembi wa komiti ya pa mpingo, ndipo mpingowo wamanga nyumba 18 zoti mabanja ovutika azikhalamo n'kumalipira pang'onopang'ono mpaka zidzakhale zawo. Mafomu abwera 140. Alemba kuti: "Ena mu komiti akuti titsate amene anayamba kulembetsa, ena akuti tingochita mayere, abusa akuti tione ovutikitsitsa. Anthu akundiimbira ndi usiku womwe. Njira yachilungamo ndi iti?"

Amayi, tisanafike pa njira zitatuzo, pali chinthu china chofunika kuposa zonsezo. Lembani malamulo osankhira ndi kuwawerenga pagulu musanaone kuti fomu iyi ndi ya ndani. Ngati mwatsegula kale, phimbani mayina, fomu iliyonse ikhale ndi nambala chabe. Lamulo loti banja la ana ambiri liyambe ndi labwino ndithu, koma likatuluka komiti itadziwa kale kuti mlamu wa wapampando ali ndi ana 7, palibe amene adzakhulupirire kuti linabwera ndi mtima woyera. Ngakhale inuyo simudzatsimikiza mumtima mwanu.

Njira ya "woyamba kulembetsa" imaoneka yosavuta, koma ine sindiikonda. Amayamba kulembetsa ndi amene anayamba kumva, ndipo amayamba kumva ndi amene ali ndi foni ya WhatsApp, wachibale mu komiti, kapena amene sajomba kutchalitchi. Gogo amene akulera adzukulu amasiye m'nyumba yodontha amamva zinthu zitatha.

Ku South Africa kuli phunziro lowawa pa nkhani ya mzere. Kuyambira 1994 boma lamanga nyumba mamiliyoni zomwe anthu amazitcha za RDP, zopita kwa nzika kapena okhazikika mwalamulo omwe banja lawo silipeza kuposa R3,500 pamwezi. M'chigawo cha Gauteng alipo anthu amene akusungabe kapepala kolembetsera ka 1996. Kafukufuku amene bungwe loona za ufulu wa anthu la SERI linatulutsa mu 2013 anaonetsa kuti mzere umodzi woongoka, womwe anthu amakhulupirira kuti aimapo, kulibe. Nyumba zimagawidwa motsata malo amene polojekiti yagwera, anthu amene akusamutsidwa m'zisakasa, ngozi zadzidzidzi ndi zina. Zifukwa zina mwa izi ndi zomveka, koma poti anthu sanauzidwe bwino, aliyense wolandira nyumba ankaoneka ngati walumpha mzere. Pamene ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinkabuka ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, mu Meyi 2008, dandaulo limodzi linali loti alendo akulanda nyumba za RDP, ndipo Amalawi ambiri anathawa m'dzikomo opanda kanthu m'manja. Mukauza anthu kuti pali mzere pamene mukugawa mwanjira ina, mkwiyo umagwera munthu wosalakwa.

Abusa anu akunena zoona kuti vuto la munthu liyenera kuyamba. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa komweko linagamula mu 2000, pa mlandu wa Irene Grootboom, kuti ndondomeko ya nyumba yosaganizira anthu amene ali pamavuto oopsa lero lino si yoyenera. Mayiyo anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa ku Wallacedene, kufupi ndi Cape Town, zomwe zimandipweteka nthawi zonse ndikakumbukira. Ku England, lamulo la Housing Act la 1996 limalamula makhonsolo kuti aziika patsogolo osowa pokhala, okhala mothithikana kapena m'malo osayenera thanzi, ndi ofunika kusamuka chifukwa cha matenda kapena ulumali. Makhonsolo ambiri kumeneko amaika opempha m'magulu, gulu loyamba la ovutikitsitsa, lachiwiri, lachitatu, ndipo munthu ali ndi ufulu wopempha kuti chigamulo chake chiunikidwenso.

Magulu amenewa ndi amene ndikufuna mutengereko, osati kupatsa munthu aliyense malikisi ngati mayeso a kusukulu. Ndani angaime pamaso pa Mulungu n'kunena kuti mayi wamasiye wa malikisi 71 akuvutika pang'ono kuposa bambo wolumala wa malikisi 72? Kusiyana kumeneko n'kongopeka, koma kumeneko n'kumene katangale amabisala. Munthu wa mu komiti safunika kunama bodza lalikulu, amangowonjezera limodzi apa, n'kuchotsa limodzi apo. Komanso mukati "wovutikitsitsa" popanda kufotokoza tanthauzo lake, amapambana ndi wodziwa kulira pamaso pa anthu, pamene wamanyazi, amene amachapa chovala chake chimodzi n'kubwera kutchalitchi akumwetulira, amatsala.

Nanga mayere? Ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, boma lakhala likugawa nyumba zosanjikizana kudzera m'mayere kwa zaka zambiri. Anthu amalembetsa, n'kumasunga ndalama ku Commercial Bank of Ethiopia, ndipo pa ndondomeko ya 20/80 wopambana amalipira magawo 20 pa 100 alionse, zotsalazo n'kukhala ngongole. Nyumba 30 pa 100 zilizonse ankayamba azipatulira amayi. Ubwino wa mayere ndi woti sadziwa mwana wa mfumu. Koma mu Julayi 2022 akuluakulu a mzindawo anafafaniza zotsatira za mayere atapeza kuti mndandanda wa mu kompyuta unasokonezedwa. Mayere amayera ngati mayina olowamo ali oyera. Vuto lina n'loti ena mwa osauka amene anapambana analephera kulipira, n'kuchititsa lendi nyumbazo, iwo n'kubwerera kumene anachokera.

Tsono ndikanakhala mu komiti yanu ndikanapempha kuti tichite motere. Poyamba pakhale khomo: munthu akhale ndi chiphaso cha unzika, asakhale ndi nyumba kapena puloti ina mumzindawu, ndipo banja limodzi fomu imodzi. Nenani poyera ngati osakhala a mpingo wanu akuloledwa kapena ayi. Ine ndikanakonda aloledwe, koma chimene sindingavomereze ndi kulengeza kuti aliyense apemphe pamene m'mitima mwasankha kale kuti ndi za akhristu anu okha. Odutsa pakhomopo ayenderedwe kumene akukhala ndi anthu awiri, mmodzi akhale wosachokera m'deralo, ndipo alembe zimene aona ndi maso: denga, chiwerengero cha ogona m'chipinda, chimbudzi, ngati pali wolumala kapena wodwala matenda amgonagona. Kenako aikeni m'magulu atatu. Ngati gulu loyamba lili ndi mabanja 30 pamene nyumba ndi 18, apo ndiye mayere alowe, masana, pabwalo, aliyense aone nambala yake ikulowa m'ndowa, ndipo wotola akhale mwana wamng'ono. Musalekere pa 18. Tolani manambala onse 30 motsatana, kuti wina akadzalephera kulowa, wotsatira adziwike kale, osati komiti idzakumane mwakachetechete.

Aliyense wa mu komiti amene ali ndi wachibale pakati pa opempha anene pasadakhale, zilembedwe m'buku, ndipo atuluke pokambirana fomu imeneyo. Wachibaleyo asachotsedwe, chifukwa umphawi wake sunathe poti mlongo wake ndi msungichuma.

Pa Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, mayina osankhidwa amapita kumsonkhano wa m'mudzi kuti anthu avomereze kapena atsutse. Chitani chimodzimodzi musanachite mayere: matani mndandanda wa magulu kwa masabata awiri, kuti wodziwa kuti uje ali ndi nyumba ku Area 25 anene. Koma matani mayina ndi gulu basi. Matenda a munthu, ngongole zake, nkhanza zimene akuthawa m'banja, izi zikhale m'faelo yokiyidwa. Odandaula apite kwa anthu atatu amene sanasankhe nawo, chifukwa komiti singaweruze mlandu wake womwe.

Nkhani ya malipiro musaizembe. Nyumba zanu n'zolipira, choncho ovutikitsitsa enieni mwina sangakwanitse. Mukafuna pepala la malipiro a pamwezi mutaya onse a geni ndi a ganyu. Landirani buku la banki m'khonde kapena umboni wa alandilodi kuti munthu amalipira lendi. Ndipo pemphani mpingo upatule nyumba zitatu kapena zinayi zoti uzilipirira okalamba ndi olumala, chiwerengerocho chilengezedwe limodzi ndi malamulo ena aja.

Pomaliza penipeni, mapepala a nyumba alembedwe mayina a mwamuna ndi mkazi onse awiri. Lamulo la 2011 loona za chuma chamasiye limaletsa kulanda katundu, komabe tonse tikudziwa zimene zimachitika maliro akangotha. Mabanja 122 amene atsale muwalembere kalata yaifupi yonena gulu limene anaikidwa, chifukwa chake, kumene angakadandaule, ndiponso ngati fomu yawo idzagwirabe ntchito mukadzamanga nyumba zina kapena adzayenera kulembetsanso.