Mwana wamkazi akayamba kukutsekerani chitseko

Bambo wina wafunsa kuti: "Agogo, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13. Kale ankandichingamira ndikamafika, lero amangothawira kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndikafunsa za kusukulu amangoti 'bwinobwino'. Kodi ndingomusiyira mayi ake?"

Ayi mwana wanga, musamusiye. Abambo ambiri amaphonya pomwepa. Mwana akangoyamba kuphuka mawere, iwo amachita manyazi n'kumutalikira, ndipo mwanayo amayesa kuti walakwa kapena kuti thupi lake layamba kunyansa. Zina adzakambirana ndi mayi ake kapena azakhali ake, zimenezo n'zoona, koma inu muli ndi mbali yanu.

Choyamba dziwani zimene zikuchitika m'thupi mwake, ngakhale simudzazitchula pamaso pake. Msambo woyamba umafika pakatha zaka pafupifupi 2 chiyambire mawere kuphuka, ndipo kwa ambiri zimachitika ali ndi zaka 10 mpaka 15. Zaka zoyambirira umadumphadumpha, umatha kubwera pakatha masiku 21, mwina 45. Magazi amatuluka masiku 2 mpaka 7. Padi imafunika kusintha pa maola 4 kapena 6 alionse, ndiye werengerani nokha kuti sabata imodzi idya mapadi angati. Ndalama yake muziipatula mwezi ndi mwezi, mwana asamachite kupempha. Mtsikana amene amachita kupempha amayamba kukhalitsa ndi padi imodzi tsiku lonse, kapena kujomba kusukulu osanena chifukwa.

Kuchipatala mupite naye ngati padi ikudzadza pa ola limodzi kapena awiri mobwerezabwereza, ngati magazi apitirira masiku 7, ngati ululu ukumugoneka mwezi uliwonse, kapena wakwanitsa zaka 15 asanayambe kusamba. Muzionanso zikhatho zake ndi m'kati mwa zikope. Zikatuwa, iye n'kumadandaula chizungulire ndi kutopa, mwina magazi achepa m'thupi. Ambiri amamunena ulesi mwana wotere pamene akudwala.

Tsinya la m'mawa nalonso nthawi zambiri ndi tulo. Pa msinkhu uwu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, koma tulo timachedwa kumubwerera, foni n'kuwonjezera vutolo. Ikani lamulo loti ikakwana 9 koloko usiku mafoni onse agone pabalaza. Ndati onse, yanunso. Lamulo limene mwini wake akuliswa mwana salimvera.

Za kalankhulidwe tsopano. Mukamukhazika pampando n'kumuyang'ana m'maso, iye amamva ngati ali pamlandu, ndipo amatseka pakamwa. Lankhulani naye manja ali pa ntchito, kapena mukuyenda limodzi, maso onse ali kutsogolo. Funso loti "kusukulu kuli bwanji" lilibe khomo. Funsani kuti, "Mnzako uja munayambana naye, zinatha bwanji?" Akayamba kufotokoza musamudule ndi malangizo. Mphindi 10 zotere kangapo pa sabata n'zokwanira. Ndipo chitseko chija muzigogoda n'kudikira kuti ayankhe.

Malamulo akhale atatu kapena anayi: nthawi yofikira pakhomo, kunena kumene ali ndi amene ali naye, za foni, ndi ntchito yake ya m'nyumba. Chilango chidziwike asanalakwe, ndipo chikhale choti mungachikwanitse. Kulanda foni masiku awiri kumagwira ntchito. Kunena kuti "sudzaionanso" kumangomuphunzitsa kuti mawu anu amatha ndi mkwiyo, chifukwa Lamlungu mudzamubwezera. Musamukalipire pamaso pa anzake, musaseke za kunenepa kapena kuonda kwake, ndipo mawu oti "hule" asatuluke pakamwa panu ngakhale mutapsa mtima chotani. Mawu amenewa amakhala nawo mpaka kukula.

Tsiku lina adzabwera ndi nkhani yolemera: bambo wachikulire akumutumizira mauthenga ndi timphatso, kapena chithunzi chake chafalikira pa WhatsApp. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye mphindi yoyambayo gwirani mtima. Mukakuwa, za mawa adzabisa, ndipo wom'nyengayo amadalira mantha omwewo. Nenani kuti, "Wachita bwino kundiuza," kenako mumve zonse. Mauthenga musafufute, ajambuleni pamodzi ndi nambala ndi tsiku lake, chifukwa apolisi adzawafuna. Ngati wagwiriridwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, asanasambe m'thupi ngati n'kotheka, zovala zimene anavala muzinyamule osachapa. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa msanga, asanathe masiku 5.