Yankho kwa achimwene amene andifunsa za Martin Luther King ndi Malcolm X

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amatsogolera kagulu ka achinyamata kwawoko. Funso lawo linali lakuti pakati pa Martin Luther King ndi Malcolm X wamkulu ndani, komanso kodi munthu angaphunzire bwanji kuyankhula ngati awiriwa kuti anthu azimutsatira. Akuti amaonera mavidiyo awo pa YouTube pafupipafupi mpaka mawu ena anawaloweza, koma akaitanitsa msonkhano kumabwera anthu owerengeka basi.

Achimwene, zikomo kwambiri polemba, ndipo ndikuyankhirani pano chifukwa ndikudziwa kuti si inu nokha amene mutu ukuzungulira ndi nkhani imeneyi.

Za wamkulu ndani ndidutsapo mwachangu. King anali mbusa wa Baptist wobadwira ku Atlanta, m'dziko la America, ankakhulupirira zolimbana ndi tsankho popanda kubwezera ngakhale akumenye. Malcolm X anakulira kumpoto kwa dzikolo, anakhalapo kundende ali mnyamata, anatchuka ali mu Nation of Islam, gulu lachipembedzo la anthu akuda, mpaka anatulukamo mu 1964, ndipo uthenga wake unali wakuti munthu wakuda asachite manyazi ndi khungu lake komanso ali ndi ufulu wodziteteza. Anakumanapo kamodzi kokha, kwa kanthawi kochepa, ku Washington mu March 1964. Onse anaomberedwa ali ndi zaka 39, Malcolm ku New York pa 21 February 1965, King ku Memphis pa 4 April 1968. Ine ndimapendekera kwa King chifukwa kayendetsedwe kake kanathandiza kubala malamulo awiri, loletsa tsankho ndi loteteza ufulu wovota, Civil Rights Act ya 1964 ndi Voting Rights Act ya 1965, koma sindingakane kuti Malcolm anadzutsa anthu ambiri amene ulaliki wa King sunkawafika pamtima.

Koma gawo lachiwiri la funso lanu ndi limene landigwira. Inu mukuganiza kuti anthu ankamutsatira King chifukwa cha pakamwa pake. Ndiye ndiloleni ndikutengereni ku Montgomery, mu Alabama, komwe dzina lake linayambira kumveka, muone amene anabweretsa anthu ku msonkhano.

Mabasi a mu Montgomery nthawi imeneyo ankayenda chonchi. Mipando yakutsogolo inali ya azungu, yakumbuyo ya anthu akuda, yapakati munthu wakuda ankatha kukhalapo koma mzungu akasowa malo dalaiva ankakudzutsa, ndipo osati iwe wekha, mzere onse unkayenera kudzuka chifukwa wakuda sankaloledwa kukhala mzere umodzi ndi mzungu. Madalaiva ena ankafuna kuti ulipire kutsogolo kenako utsike ukakwerere khomo lakumbuyo, ndipo zinkachitika kuti basi imanyamuka iwe uli panja ndalama walipira kale. Chopweteka ndi chakuti okwera ambiri, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, anali anthu akuda omwewo. Kampani inkadya ndalama zawo uku ikuwanyoza.

Pa 1 December 1955 mayi Rosa Parks, a zaka 42, akuweruka kuntchito yautelala mu sitolo ina yaikulu mu tauni, anakana kudzuka. Anzawo atatu a mzere omwewo anadzuka, iwo ayi, apolisi anabwera nkuwamanga. Nkhani imene ambirife tinaimva ndi yoti anali mayi wotopa amene anangoti lero sindidzuka, ngati zangozi. Izi zimandinyansa ndithu chifukwa zimawachepetsa mayiwa. Rosa Parks anali mlembi wa nthambi ya mu Montgomery ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, kuyambira 1943. Mu 1944 anapita kukafufuza nkhani ya Recy Taylor, mayi wakuda amene anagwiriridwa ndi gulu la azungu koma palibe anazengedwa mlandu. Ankaphunzitsa achinyamata a bungwelo, ndipo miyezi yochepa asanamangidwe anakachita maphunziro ku Highlander Folk School ku Tennessee. Zaka 12 akulemba madandaulo, makalata, kusunga mabuku a bungwe, anthu mu tauni ankawadziwa ndi kuwakhulupirira. Ndiye atamangidwa anthu anamva kuti amanga munthu wawo.

Ndipo sanali oyamba. Pa 2 March chaka chomwecho Claudette Colvin, mtsikana wa zaka 15 wapasukulu, anakananso kudzuka ndipo apolisi anachita kumukoka mu basi. Atsogoleri a anthu akuda anaona kuti si iye woyenera kumangirapo mlandu waukulu, anamusiya. Dzina lake linaiwalika kwa zaka zambiri, koma musalitaye, libweranso kutsogoloku.

Tsopano usiku wa tsiku limene mayi Parks anamangidwa, King sanali paliponse pankhaniyi. Amene anakawatulutsa pa belo anali E.D. Nixon, bambo wogwira ntchito yonyamula katundu ndi kutumikira apaulendo mu sitima zapamtunda, munthu wa yuniyoni, pamodzi ndi loya wachizungu Clifford Durr. Ndipo amene anayambitsa kunyanyala mabasi anali mayi Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa Chingerezi pa Alabama State College komanso mtsogoleri wa Women's Political Council, bungwe la amayi akuda a mu mzindawo. Mayiwa anali atalembera kale meya wa mzindawo mu May 1954 kumuchenjeza kuti anthu akuda akhoza kusiya kukwera mabasi. Ndiye mapulani analipo kale, ankangodikira tsiku. Usiku umenewo sanagone, anapita ku koleji ndi mnzawo wina ndi ophunzira awiri, nkuyamba kupukusa makina osindikizira apamanja mpaka kucha, timapepala masauzande makumi angapo, tonena kuti Lolemba pa 5 December pasapezeke wakuda wokwera basi. Kutacha anazungulira ndi galimoto kukasiya mitolo m'masukulu, m'mashopu, m'malo ometera, chifukwa amayi a bungwe lawo anali kale ndi munthu pa malo alionse woti alandire ndi kugawa. Lamlungu abusa analengeza m'matchalitchi.

Lolemba mabasi anayenda opanda anthu. Madzulo ake ndi pamene King, mnyamata wa zaka 26 amene anali atangokhala chaka chimodzi ndi miyezi pa Dexter Avenue Baptist Church, anayankhula ku Holt Street Baptist Church anthu atadzaza mpaka mumsewu. Anayankhula bwino zedi, palibe angatsutse. Koma taonani ndondomeko yake achimwene, anthu anali atanyanyala kale tsiku lonse asanamve mawu ake. Ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anamusankhira kukhala wapampando wa Montgomery Improvement Association, bungwe lotsogolera kunyanyalaku, chinali choti anali wachilendo, analibe adani m'magulu a mu tauni.

Zimandikumbutsa pamaliro kwathu kuno, amene timamumva ndi mlaliki, koma mwambo umayenda chifukwa adzukulu analawirira kumanda ndipo amayi anagona pamoto.

Tsiku limodzi kunyanyala nkosavuta. Iwo anakhala masiku 381, ndiye funso ndi lakuti mayi wantchito zapakhomo wokhala kutali ndi kwa abwana ake ankafika bwanji kuntchito chaka chonsecho. Poyamba madalaiva a takisi akuda ankanyamula anthu pa 10 cents, mtengo wa basi, mpaka akuluakulu a mzinda anawaopseza ndi lamulo la mitengo. Ndiye anakonza zonyamulana ndi magalimoto a anthu wamba, pafupifupi 300, ndi masiteji ake, nthawi zake, anthu okhala pa foni kugawa magalimoto kuyambira mbandakucha. Nzeru imeneyi anakaitenga kwa mbusa T.J. Jemison wa ku Baton Rouge komwe ananyanyalaponso mabasi mu 1953. Matchalitchi anagula magalimoto awoawo. Makampani a inshulansi a kumeneko atakana kuwathandiza anakaipeza ku Lloyd's of London. Apolisi ankagwira madalaiva pa tizifukwa tosamveka, King yemwe anamangidwapo ati wathamangitsa galimoto. Ndipo ena ambirimbiri ankangoyenda wapansi, pamvula, pozizira, makilomita.

Petulo ankafuna ndalama. Apa pali mayi amene ndimawakonda kwambiri, Georgia Gilmore, wophika. Anasonkhanitsa amayi anzake nkumaphika nkhuku, nsomba, makeke, kumagulitsa m'masaluni ndi pamisonkhano, ndalama nkumakapereka ku tchalitchi sabata ndi sabata. Gulu lawo analitcha Club from Nowhere kuti amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu asadziwike mayina nkuchotsedwa ntchito. Mayi Gilmore eni ake anachotsedwadi ntchito atakachitira umboni kukhothi, nkuyamba kuphikira anthu kunyumba kwawo.

Mwa njira, mphamvu ya matchalitchi a Baptist a anthu akudawa ifenso inatikhudza. John Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg, Virginia, pa sukulu ya mipingo yotereyi, ndipo National Baptist Convention ndi imene inamuthandiza pa ntchito ya Providence Industrial Mission ku Chiradzulu atabwerako mu 1900.

Tibwerere. Pa 30 January 1956 nyumba ya King inaponyedwa bomba mkazi wake Coretta ndi khanda lawo ali momwemo. Khamu linasonkhana panja litakwiya, ena atanyamula zida, iye anatuluka pakhonde nkuwauza kuti abwerere kwawo mwamtendere. Apa ndi pamene ine ndimaona ukulu wake, kuposa malankhulidwe onse a pa YouTube aja, chifukwa usiku umenewo kukanakhetsedwa magazi zonse zikanathera pompo. Mu February atsogoleri pafupifupi 90 anaimbidwa mlandu pogwiritsa ntchito lamulo lakale loletsa kunyanyala, ambiri anavala bwino nkukadzipereka okha kupolisi.

China chimene ambiri sadziwa, poyamba sankapempha nkomwe kuti tsankho m'mabasi lithe. Ankangofuna ulemu, kuti wofika koyamba akhale osadzutsidwa, ndi kuti alembeko madalaiva akuda. Mzinda unakana ngakhale zochepazo. Ndiye loya wachinyamata Fred Gray anakasuma ku khothi la boma lalikulu, mlandu wa Browder v. Gayle, ndipo odandaula anali amayi anayi, Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin uja anamusiya uja. Supreme Court, khothi lalikulu kwambiri m'dzikolo, inagamula pa 13 November 1956 kuti tsankho m'mabasi ndi losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, chikalata chinafika mu Montgomery pa 20 December, m'mawa mwake anthu anakwera basi nkukhala pomwe afuna. Mayi Parks iwo ntchito inali itawathera kale, amuna awonso chimodzimodzi, mafoni owaopseza osatha, mpaka mu 1957 anasamukira ku Detroit komwe anavutika zaka zingapo asanapeze ntchito mu ofesi ya phungu John Conyers mu 1965.

Mukapita patsogolo nkhani ndi yomweyi. Msonkhano wa ku Washington wa pa 28 August 1963, umene King anayankhula mawu otchuka aja akuti ali ndi maloto, kunali anthu pafupifupi 250,000, ndipo amene anakonza mabasi, masitima, madzi akumwa, zimbudzi, zokuzira mawu ndi oyang'anira bata anali Bayard Rustin, m'miyezi iwiri yokha, pansi pa mkulu wa yuniyoni A. Philip Randolph. Ella Baker ndi amene anayendetsa ofesi ya SCLC, bungwe la King, pachiyambi, ndipo mu April 1960 anaitanitsa ophunzira ku Shaw University komwe kunabadwira SNCC, bungwe la ophunzira lolimbana ndi tsankho. Mayi ameneyu ankatsutsana ndi abusa poyera, ankati gulu lodalira munthu mmodzi wotchuka ndi losalimba, bola kuphunzitsa anthu wamba kudzitsogolera okha. Ophunzira akewo ndi amene analowa m'midzi ya ku Mississippi khomo ndi khomo, nkupeza anthu ngati Fannie Lou Hamer, mayi wa pa munda wa thonje amene anathamangitsidwa pa esiteti mu 1962 chifukwa chokalembetsa kuti azivota.

Ndiye kwa inu achimwene, mavidiyo aja pitirizani kuonera, palibe cholakwika. Koma msonkhano wanu wotsatira usanafike, pezani kaye vuto limodzi limene achinyamata anu likuwapweteka tsiku ndi tsiku, laling'ono lomveka ngati mpando wa mu basi, osati zonse nthawi imodzi. Lembani mayina ndi manambala, mudziwe amene angagawe uthenga dera lililonse, amene angasunge ndalama anthu osamukayikira, amene ali ndi njinga kapena galimoto. Ndipo muwafunse atsikana ndi amayi a mu gulu lanulo zimene akuganiza, kenako muwapatse maudindo enieni. Mundilemberenso mundiuze vuto limene mwasankhalo.