FUNSANI AMALUME: Tikufuna kukagona kuphiri, tinyamule chani?

Amalume muli bwanji kumeneko? Ine ndi anzanga atatu tapangana kuti mwezi wa Juni uno tikakwere phiri ndikugona komweko usiku umodzi, katundu kumsana monga timaonera anthu pa Facebook. Vuto palibe anapangapo, phiri la Kanjala timakwera masana chabe nkubwerera. Wina akuti tinyamule mbaula ndi malasha, wina sipika, ine chikwama chadzadza kale koma chakudya sindinaike. Tiyambire pati?
Mnyamata wa ku Kapata, Chipata

Mphwanga, mbaula ibwerere kukhitchini amayi asanayambe kuifuna, sipika nayo itsale. Anthu opita koyamba amalongedza ngati akusamuka, ndiye pofika pakati pa chitunda ulendo wonse wasanduka chilango. Oyenda mmapiri ali ndi kamuyezo kawo, chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa thupi lako. Ngati uli ndi makilo 60 ndiye kuti chikwama makilo 12 basi, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ukatenga malita 3 makilo atatu apita kale usanaike olo bulangeti. Ukalongedza pita nacho kwa aja ogula soya ndi chimanga, uwapatse moni bwinobwino akuyezera pasikelo yawo.

Musapite kutali ulendo woyambawu. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ku Katete kuli Mphangwe, sankhani poti kuchokera pamsewu mpaka pogona ndi maola awiri kapena atatu, poti wina akabinya mwendo mutha kumutsitsa.

Manje apa mvetsera, chifukwa izi pa Facebook sazionetsa. Phiri lililonse lili ndi eni ake. Mukafika pamudzi wa mmunsi funsani kwa amfumu, mukhale pansi, zipewa mmanja, munene kuti ndinu ndani, mugona pati, mutsika liti. Anyamata anayi achilendo akulowa mthengo madzulo ndi zikwama, munthu wakumudzi saganiza za masewera ayi, aganiza ng'ombe zake. Chachiwiri ndi ichi, mukaona kankhalango kowirira pakati pa minda, mitengo italiitali mthunzi wabwino, musati eee tapeza pomanga tenti. Kawirikawiri amenewo ndi manda, ndipo mmidzi ya Achewa kumandako ndi kumene kumakhala dambwe la gule wamkulu, wosalowa akapondako ndi mlandu woti ndalama yanu ya basi siikwana. Safunsa anadya phula. Pemphani amfumu akupatseni mnyamata wa pamudzipo mumulipe kangachepe, iye adziwa pali kasupe, pali misampha ya nguluwe, ndi njira yodzadza chitedze. Chitedze nthawi yachilimwe chimakhala chitauma, ukangogwedeza mtengo chayangapo ubweya wake umakuwazikira mkhosi ndi mmikono, ukanda mpaka kulira munthu wamkulu.

Chimene chidzakuvutitseni usiku si fisi, ndi kuzizira. Chipata ili kale pamtunda wa mamita opitirira 1,000, mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika mpaka madigiri 12 kapena kucheperapo, ndiye pamwamba pa phiri onjezerapo mphepo ndi mame. Ambiri amaganiza zofunda chabe nkuiwala kuti nthaka ndiyo imakoka kutentha kwa thupi, utha kufunda mabulangeti awiri koma ngati wagona pansi penipeni 02:00 ikupeza uli maso mano akugundana. Pezani kamatiresi kopyapyala kopinda kaja, kakasowa tengani katoni kapena saka ya feteleza yochapa mukaikemo udzu wouma. Sleeping bag, thumba lofunda logonamo lija, yang'anani musalaula ku Saturday Market, imapepuka kuposa bulangeti. Juzi, jekete, chisoti chakumutu, ndi masokosi amodzi ouma ogonera okhaokha. Malaya amene wayenda nawo anyowa thukuta, uvule dzuwa lisanalowe. Jinzi ayi, imalemera ndipo ikanyowa siuma.

Tenti bwerekani imodzi mugawane, wina nsalu wina zitsulo, koma muyambe mwaimanga pabwalo kunyumba, mwina muona kuti mwini wake anataya zikhomo theka. Mu Juni dzuwa limalowa cha mma 17:30, ndiye 16:00 izikupezani mwafika, nkhuni mwatola.

Madzi malita 3 munthu aliyense, ndipo musadalire kamtsinje kamene munakaona mu Febuluwale, mwina pano ndi mchenga okhaokha. Otunga kuthengo muwiritse abwate kwa mphindi imodzi, kapena thirani mankhwala oyeretsa madzi a Clorin monga alembera pabotolo nkudikira mphindi 30. Mmadamu ndi mmadzi oima musasambe, likodzo.

Zakudya ndikudziwa kale wina ati popanda nsima sitinadye. Chabwino, tengani ufa wa chakudya chimodzi, poto mmodzi, mthiko, kapenta wokazingiratu kunyumba kapena soya pieces, miyala itatu ya mafuwa muipeza komweko. Panjira nshawa zokazinga, kandolo wophika, mazira owiritsa, mmawa tiyi ndi buledi wopaka chiponde. Zamzitini ndi mabotolo agalasi zisiyeni. Mowa nawo umanamiza, umamva ngati wafunda pomwe thupi likutaya kutentha. Pokoleza moto lambulani udzu mozungulira, pogona muzime ndi madzi kapena dothi, mukayatsa lupsa nkupsereza udzu wofolera wa anthu amfumu omwe aja muonana nawonso. Ndipo makala amoto musalowe nawo mutenti olo kuzizire bwanji, mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Kalongedzedwe nkosavuta. Yamba waika pulasitiki yaikulu mkati mwa chikwama, zogonera pansi, zolemera monga madzi ndi ufa pakati chakumsana, jekete ndi zodya panjira pamwamba. Mkathumba kapafupi tochi, machesi okulunga mpulasitiki, kampeni, pulasitala, bandeji, Panadol, tishu, power bank. Lamba wamchiuno umange zolimba kuti katundu akhale pachiuno osati pamapewa. Nsapato vala zakale zimene phazi lazizolowera, zatsopano zikupatsa matuza ola loyamba lomwe, patapata ndi wapamsasa chabe. Kuthengo kumbani kadzenje kutali ndi madzi nkukwirira, mapulasitiki anu mubwere nawo.

Loweruka lotsogolera ulendo bereka chikwamacho chodzadza ukwere nacho Kanjala, pobwera uchotsa wekha zinthu popanda ine kukuuza. Ndipo kunyumba musiye mawu, phiri liti, mudzi uti, mubwera ola lanji, chifukwa netiweki kuseri kwa phiri imasowa kaya MTN kaya Airtel.

* * *

Amalume, mwana wanga wamkazi wa zaka 17 akuti apita ndi achinyamata a kutchalitchi kukagona kuphiri. Ine mtima suli mmalo, njoka ndi malungo. Ndimuletse?
Mayi wa ku Katete

Amayi, musamuletse, koma mufunse mafunso. Akuwatsogolera ndani, alipo mayi wamkulu wogona ndi atsikana, apita phiri liti, chipatala chapafupi ndi chiti, ndipo pakagwa vuto galimoto kapena njinga yamoto ichokera kuti. Akayankha mozemba pamenepo ndiye mutha kukana.

Njoka zambiri zikamva mapazi zimathawa, yovuta ndi mphiri chifukwa imangogona phee panjira munthu nkuiponda. Mwanayo avale nsapato zotseka ndi buluku lalitali, usiku asayende opanda tochi, asapise dzanja mmaenje kapena pansi pa miyala potola nkhuni, mmawa akutumule nsapato asanavale kuopa zinkhanira. Wina akalumidwa asatemere, asayamwe bala, asamange chingwe zolimba, zonsezo zimangoonjezera vuto. Amugoneke, achotse mphete ndi zibangili mwendo kapena mkono usanatupe, asamuyendetse, amunyamule kupita naye kuchipatala msanga.

Udzudzu nthawi yozizira umachepa koma sutheratu, ndiye neti apite nayo, siilemera, ndi malaya amanja aatali madzulo. Malungo saonekera mmawa mwake, amatenga sabata imodzi kapena kuposerapo, ndiye akadzamva kutentha thupi atabwera musati ndi kutopa, akayezetse. Mumuikire chitenje, mapadi olo masiku ake asanakwane, ndi timapaketi ta ORS, thanzi lobwezera madzi mthupi. Tikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, wotsegula mmimba azimwa pang'onopang'ono.

* * *

Amalume, nanga ku Luangwa? Tikufuna tilowe wapansi tikamange tenti pafupi ndi mtsinje.
Wowerenga wa ku Chadiza

Iyayi achimwene, kumeneko sikuphiri kwa kwanu. Mu paki yosungira nyama ya South Luangwa munthu saloledwa kuyenda wapansi yekha, ulendo wapansi umene anautchukitsa Norman Carr, katswiri woteteza nyama wakale uja, umayenda ndi gaidi wa laisensi ndi sikauti wamfuti wa dipatimenti yoona zanyama, aja ambiri timawatchulabe a ZAWA, ndipo umachitika kwambiri nthawi yachilimwe, Juni mpaka Okutobala. Mukalowa mwa inu nokha akakupezani akutengani ngati opha nyama, ngati mvuu kapena njovu sizinayambe kukupezani. Pitani ku Mfuwe mukalipire malo pakampu yovomerezeka mumange tenti yanu pamenepo, mtengo mufunsiretu pafoni musananyamuke. Pakampupo zipatso ndi chakudya musagone nazo mutenti, njovu zimadutsa usiku ndipo fungo la malalanje zimalimva, mupereke kwa eni malo akusungireni.