Kodi mbalame nazo zimadwala malungo? Yankho kwa achemwali a ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Luchenza. Akuti anaona kavidiyo pa Facebook ka mbalame yofiira ya ku Hawaii yomwe ikutha ndi malungo, nde akufunsa kuti zoona mbalame nkudwala malungo? Komanso poti ikufanana ndi kachoso kamene kamabwera pa duwa la nthochi kuseri kwa nyumba yawo, nako katha choncho?

Achemwali, sanakunamizeni ayi. Mbalameyo dzina lake ndi ʻiʻiwi, kutchula kwake ii-vi, ndipo imapezeka pa zilumba za Hawaii pokha, pakati pa nyanja ya Pacific. Ndi yaing'ono, pafupifupi masentimita 15, thupi lonse psuu, mapiko ndi mchira zakuda, mlomo wautali wokhota ngati chikwakwa woti izipisa m'maluwa nkumamwa timadzi totsekemera tija. Imakonda maluwa ofiira a mtengo wa ʻōhiʻa ndipo imayenda mitunda kutsata komwe mtengowu wachita maluwa. Imaikira mazira 2, yaikazi nkufungatira masabata 2, anapiye ake sakhala ofiira poyamba, amakhala achikasu amathothomathotho. Kale nthenga zake ankasokera mikanjo ya mafumu.

Tsono nkhani ya malungo imandikhudza kwambiri ine. Ku Hawaii kunalibe udzudzu olo umodzi, tangoganizani, dziko lotentha lamvula koma kugona opanda neti. Udzudzu unafika ndi sitima zapamadzi cha m'ma 1826, kenako kachilombo ka malungo a mbalame, Plasmodium relictum, kanalowa ndi mbalame zomwe anthu anabweretsa kuchokera maiko ena. Mbalame zakomweko zinali zisanakumanepo ndi matendawa chilengedwere nde matupi ake analibe chodzitetezera, moti akatswiri atayesa anapeza kuti mwa ʻiʻiwi 10 zolumidwa kamodzi kokha ndi udzudzu wa kachilomboka, 9 zimafa. Kamodzi kokha achemwali. Pa mitundu yoposa 50 ya abale ake a ʻiʻiwi yomwe inalipo, yatsala 17 basi, ngakhale kudula nkhalango, makoswe ndi amphaka nazo zinathandizira.

Chimene chaipulumutsa mpaka lero ndi phiri, ndipo ife a kuno ku Mulanje izi sitifunika kuuzidwa kawiri. Ndinagonapo ku Lichenya mwezi wa June, chiperoni chitakuta paliponse, zala zitauma moti kuyatsa machesi kunali kovuta, koma usiku onse sindinamve udzudzu kulira m'khutu, pomwe kwathu kumunsi kuno cha ku Chitakale ukangoiwala kutsitsa neti nthawi ya dzinja umadziwa kuti mawa ndi nkhani ina. Ku Hawaii ndi chimodzimodzi. Kupitirira mamita 1,500 kumazizira, udzudzu umachepa ndipo kachilombo kaja sikakhwima bwino m'mimba mwa udzudzu, nde ʻiʻiwi zambiri zatsalira kumtunda, makamaka pa chilumba chachikulu cha Hawaii ndi ku Maui komwe kuli mapiri ataliatali. Vuto ndiloti kunja kukutentha, udzudzu ukukwera phiri pang'onopang'ono, ndipo pa chilumba ngati Kauai pomwe phiri lake silitalika kwenikweni mbalame zikusowa kothawira. Palinso nkhumba zolowerera kutchire zomwe zimakumba ndi kuboola zomera mnkhalango nkusiya timaenje todikha madzi, udzudzu nkumaswana momwemo. Komanso mbalameyo ikatsata maluwa kutsika kumunsi ndiye yadzipereka yokha. Mu 2017 boma la America linaiika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo.

Anthu akumeneko sanangokhala manja lende. Kuyambira 2023 akumwaza ndi helikopita udzudzu waumuna mamiliyoni ku Maui, umene uli ndi bakiteriya wotchedwa Wolbachia. Waumuna suluma, ndipo ukakwera waukazi wakutchire mazira ake saswa. Ine nzeru imeneyi ndinaigomera ndipo ndikufunitsitsa itatheka.

Za kachoso kanu musade nkhawa. Kufananako ndi kwa mlomo chabe chifukwa zonse zimadya m'maluwa, koma si pachibale, makolo a ʻiʻiwi anali timbalame todya njere tochokera ku Asia. Mbalame za kuno ku Africa zakhala ndi udzudzu ndi tizilombo timeneti kuyambira kalekale, zimatha kukhala nato m'magazi koma zambiri sizifa nato. Ndipo malungo a mbalame sapatsira munthu, athuwa ndi Plasmodium falciparum wobwera ndi udzudzu wa Anopheles, a ku Hawaii aja amafalitsidwa ndi Culex.

Chomwe ndimaopera kachoso kathu ndi legeni ya ana ndi kutha kwa mitengo, mwaona nokha mmene m'mbali mwa phirimu mwayerera ndi makala. Nde duwa la nthochi lija musafulumire kulidula, ndipo mawa cha m'ma 6 koloko mukakhale chete pakhonde mukaone mmene kamadendekera chadodolido nkumapisa mlomo, mukakwanitsa kujambula munditumizire.