Tizidutswa tamafilimu toyambirira kanema: yankho kwa achimwene a ku Leicester

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, Mmalawi amene akukhala ku Leicester. Akuti anagula pulojekita ya Super 8 (filimu yopapatiza ya mamilimita 8 yoonetsera kunyumba), ya mtundu wa Elmo, pamsika wa katundu wakale, ndipo wogulitsayo anawaikira basera kampukutu kakang'ono kopanda dzina. Atakaika, panangotuluka mawu olengeza kuti kanema wina akubwera sabata yamawa, kanyimbo pang'ono, basi katha. Funso lawo nali: "Kodi timeneti n'chiyani, ndingatipeze kuti, nanga kangaka kafiiriranji ngati phwetekere? Ndikufuna kuti Loweruka madzulo ana azimva ngati ali kuholo ya kanema."

Achimwene, gule mwalowayu ndi wokoma, koma amadya ndalama mwakachetechete.

Chimene muli nacho ndi kachidutswa kolengeza. Aku America amati snipe, aku Britain amatchula totchula masiku kuti dayset. Tinkaonetsedwa kanema weniweni asanayambe kapena panthawi yopuma: kulandira anthu, kuletsa fodya, kukumbutsa kuti maswiti akugulitsidwa pakhomo, kunena za sabata yamawa. Ku Chicago kunali kampani ya Filmack, imene Irving Mack anayambitsa mu 1919, ndipo ntchito yake yaikulu inali yomweyi. Kakatuni kawo ka m'zaka za m'ma 1950, komwe maswiti ndi kapu ya chakumwa zimayenda mondondozana zikuimba, kanatchuka mpaka mu 2000 Library of Congress inakaika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa, National Film Registry. Ku Britain komwe muliko, kampani ya Pearl & Dean inayamba mu 1953 kugulitsa malonda a m'maholo a kanema, ndipo azungu achikulire mukawaimbira kanyimbo kake amamalizitsa okha.

Chofunika kumvetsa n'chakuti palibe amene ankaganiza zosunga timeneti. Tinali ta 35mm, filimu yotakata ya m'maholo a kanema, toyendetsedwa kangapo patsiku kwa zaka. Kakaduka, woonetsa kanema ankangochotsa tizithunzi tiwiri n'kumatanso, kakatheratu, ankataya. Ndiye zimene timapeza pa Super 8 ndi pa 16mm kawirikawiri n'zokopera kuchokera ku kopi imene inapulumuka, ndipo mukaona mikwingwirima kapena kulumpha, nthawi zina vuto silili pafilimu yanu, linajambulidwa momwemo kuchokera kwa mayi wake. Ine zimenezi sizindinyansa. Kachidutswa kosalala kwambiri sikanunkha holo ya kanema.

Kopeza muli ndi mwayi, chifukwa mukukhala pafupi ndi chitsime. Ku Dudley kunali Derann Film Services, imene Derek Simmonds anatsegula mu 1964. Iwowa ankasindikiza pa Super 8 mafilimu athunthu, ma trailer (tizigawo tolawitsa kanema amene akubwera), malonda akale a m'maholo ndi tizidutswa timeneti, mpaka anatseka mu 2011. Katundu wawo akuzungulirabe m'manja mwa anthu. Pa eBay amapezeka, koma ine ndinganene kuti pitani kumsonkhano wa osonkhanitsa mafilimu umene umachitika ku Blackpool. Kumeneko filimu mumaigwira, mumaiyang'ana pakuwala, mumainunkhiza. Chithunzi cha paintaneti sichinunkha.

Tsono za kufiira. Kachidutswa kanu kanasindikizidwa pafilimu ya Eastmancolor yakale. Utoto wake uli m'magawo atatu, ndipo wobiriwira mobuluwira ndi wachikasu umazimirira msanga, n'kutsala wofiira wokha. Kubwezeretsa sikutheka, ena amaika kagalasi kabuluu kutsogolo kwa lenzi, koma kumeneko n'kungophimba chilonda, chithunzi chimada. Mu 1982 Kodak inatulutsa filimu yosasuluka msanga, ndipo imadziwika ndi zilembo LPP zolembedwa m'mphepete, pafupi ndi timabowo. Tengani kagalasi kokulitsira zinthu mukamapita kogula. Mukaona LPP kapena dzina la kampani ya Agfa, mtima ukhale pansi. Pa 16mm mukapeza ya Technicolor yeniyeni, imene amati IB, musachedwe kutulutsa chikwama, utoto wake sufa. Komabe kofiirako musakataye. Mawu oyera pachinsalu chofiira sapweteka maso monga nkhope ya munthu yofiira.

Mdani weniweni ndi fungo la viniga. Filimu zambiri zakale n'za pulasitiki yotchedwa acetate, ndipo zikakhala pamalo otentha ndi achinyezi zimayamba kuwola, n'kumatulutsa asidi. Filimu imakwinyika, timabowo sitigwirizananso ndi mano a pulojekita, ndipo nthunzi yake imafulumizitsa kuwola kwa zinzake zimene yatsekeredwa nazo. Ndinaphunzira mowawa. Ndinaitanitsa chitini cha tizidutswa ta 16mm kwa wogulitsa wina amene analumbira kuti n'zabwinobwino. Nditachitsegula ndinachita kutembenuza nkhope, ngati ndavundukula botolo la achali. Kuwolako kukangoyamba sikubwerera m'mbuyo. Chitinicho mumangochipatula, n'kuchisunga pozizira. Za polyester, monga zambiri za Derann zakumapeto, vuto limeneli zilibe, kungoti sizilumikizika ndi guluu wa filimu, zimafuna tepi.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene ongoyamba kumene amaonongera katundu. Pafilimu, mawu sakhala pambali pa chithunzi chake. Pa Super 8 ya mawu ojambulidwa pakamzere ka maginito amakhala tizithunzi 18 kutsogolo, pa 16mm ya mawu a kuwala tizithunzi 26. Popeza pasekondi pamadutsa tizithunzi 24, ndiye kuti mawu a chithunzi choyamba ali pakagawo kakuda kamene kamaoneka ngati kopanda ntchito. Munthu amaona mdimawo, n'kutenga lumo kudula ndendende pomwe chithunzi chayambira, kuti pasakhale kudikira. Wadula ng'oma yoyamba ya nyimbo. Pakanema wa maola awiri simungazindikire, koma pakachidutswa ka masekondi khumi, sekondi imodzi ndi mutu wonse. Siyani mdima wokwanira kutsogolo kwa kalikonse. Ndipo poti pulojekita zambiri za Elmo zimathanso kujambula mawu, kabatani kojambulira kaja ana asakayandikire, chifukwa kamafufuta zimene zinalipo.

Chinanso chokwiyitsa: tizidutswa tochokera kosiyana mukatilumikiza, kena kamaoneka bwino, kotsatira kamachita chimbuuzi, chifukwa makulidwe a filimu kapena mbali yomwe kuli utoto zimasiyana. Palibe mankhwala, dzanja lingokhala pa lenzi.

Pa kakonzedwe, musadule filimu yanu yaikulu kuti mulowetsemo zinthu. Pangani mpukutu wapadera wa mafiti 200, womwe pa Super 8 ndi mphindi pafupifupi khumi. Wanga umayamba ndi kolandira alendo, kenako malonda awiri akale, kolengeza zakutsogolo, trailer imodzi, ndiye komaliza konena kuti kanema wamkulu akuyamba. Ndinayesapo wa mphindi makumi awiri, alendo anayamba kusuzumira mafoni. Ka nthawi yopuma ndimakamata kumapeto kwa kampukutu kake, chifukwa kanema wautali pa Super 8 amafuna kusintha mpukutu basi, ndipo m'malo moti anthu akhale mumdima ine ndikulimbana ndi makina, amadzuka kukatenga mbuliwuli ndi Sobo. Zonsezi n'zapabanja; makope amenewa ankagulitsidwa kuti azionetsedwa kunyumba, osati kolipiritsa.

Munatchulanso kuti tsiku lina mudzabwerera nazo kumudzi. Pa magetsi palibe nkhawa: pulojekita yogula ku Britain imayenda pa 230V ndi 50Hz monga kwathu, ngakhale pulagi ya mano atatu ndi yomweyo. Ya ku America ya 120V ndiyo ingakuvuteni. Mababu ndi malamba gulirani konko ambiri. Chimene ndikuopa ndi kutentha. Ngati kwanu ndi ku Dedza kapena ku Mzuzu, kabati ya m'chipinda chosawomba dzuwa ingathandize, bola muzitsegula zitini nthawi ya mvula kuona ngati mwalowa chuku. Ngati ndi ku Nsanje kapena ku Mangochi, sankhani za polyester zokha zoti zikwere ndege, za acetate zisiyireni mnzanu wa ku Leicester.