Akufuna ndalama chifukwa cha chithunzi cha pa webusaiti: kodi ndilipire?

Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo ku Area 47 wanditumizira imelo. Akuti: "Kampani ina ya ku Ulaya yandilembera kuti chithunzi cha nyanja chimene chili pa webusaiti yathu chili ndi mwini wake, ndiye ndilipire ma euro ambirimbiri pasanathe masabata awiri. Webusaitiyo anatipangira mnyamata wina, ndipo chithunzicho anachitenga pa Google. Kodi amenewa si akuba? Ndingokhala chete?"

Mayi, musakhale chete, komanso musathamangire kubanki.

Google si mwini zithunzi, amangokulozerani pamene zili. Munthu akangojambula, chithunzicho n'chake, ngakhale asakachilembetse kulikonse. Lamulo lathu la Copyright Act la 2016 limateteza ojambula, ndipo poti Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, wojambula wa ku Germany ndi wotetezedwa kuno ngati mmene wa ku Kawale alili wotetezedwa kwawoko. Zakuti anaika ndi mnyamata sizikuchotserani mlandu, chifukwa webusaitiyo ili m'dzina la bizinesi yanu. Ine ndimawamvetsa ojambulawa. Munthu walipira thiransipoti mpaka ku Cape Maclear, wadzuka m'bandakucha ndi kamera yodula, kenako apeze thukuta lake likuitanira wina alendo ulele.

Makampani ngati Copytrack ndi PicRights alipodi, ndipo amasaka zithunzi za makasitomala awo pa intaneti ndi makompyuta. Koma akathyali nawonso anaphunzira kulemba makalata otere. Musadine linki kapena kutsegula fayilo iliyonse ya mu imeloyo musanafufuze kampaniyo panokha.

Lero lomwe jambulani screenshot ya tsambalo, kenako chithunzicho chichotsedwe. Muuzeni mnyamatayo achifufute ndi mu foda ya zithunzi momwe, chifukwa chikatsala mmenemo makina a makampani aja amachionabe. Mufunsenso ngati ali ndi lisiti ya laisensi. Ikapezeka, nkhani yathera pomwepo. Dziwani kuti kuchotsa sikufafaniza zakale, webusaiti ya Wayback Machine imasunga masamba akale.

Mukatero ayankheni mwachidule, mwaulemu, osavomera mlandu kaye. Apempheni dzina la wojambula, umboni woti chithunzicho n'chake, kalata yowapatsa mphamvu zomuimira, ndiponso mmene awerengera ndalamazo. Inunso chithunzicho chiikeni pa TinEye kapena Google Lens, zida zofufuzira zithunzi pa intaneti, muone kumene chimagulitsidwa ndi mtengo wake. Apa m'pamene pali mphamvu yanu. Akalephera kubweretsa umboni, musapereke ngakhale tambala.

Umboni ukabwera, nenererani. Mtengo woyamba uli ngati wa kaunjika wa ku Tsoka, sulipiridwa mmene watchulidwira. Afotokozereni kukula kwa bizinesi yanu, nthawi imene chithunzicho chakhalapo, kuti mwachichotsa msanga, komanso kuvuta kwa ndalama zakunja kuno. Mukagwirizana, akulembereni kuti mukalipira nkhaniyo yatheratu, ndipo musatumize kanthu kalatayo isanafike. Ndalama zikakhala zochuluka, kapena akayamba kutchula khoti, pezani loya. A COSOMA, amene amayang'anira nkhani zotere, ali konkuno ku Lilongwe, mutha kukawafunsa.

Khalaninso pansi ndi mnyamata uja muone zithunzi zotsalazo chimodzichimodzi. Za Creative Commons, zimene eni ake amalola anthu kugwiritsa ntchito ulele, zambiri zimafuna kuti mutchule dzina la wojambula, mukaiwala mwalakwanso. Chimene simukudziwa gwero lake chichoke, mupeze wojambula wa mumzinda muno ajambule zipinda zanu zenizenizo, ndipo mulemberane kuti wakulolani kuziika pa webusaiti ndi pa Facebook.