Za ulendo wa tandem wokumbukira mnzanu, kuchoka ku Land's End mpaka ku John o' Groats

Achimwene, choyamba pepani kwambiri ndi imfa ya mnzanuyo. Khansa imazunza wodwala ndi omudwazika omwe. Mzimu wake uuse mumtendere.

Mwafunsa ngati inu ndi mnzanu wina, anthu oti simunachitepo mpikisano wa njinga, mungathe kupalasa tandem, njinga ija ya zishalo ziwiri, kuchoka ku Land's End, kumapeto a kummwera chakumadzulo kwa England, mpaka ku John o' Groats, kumpoto kwenikweni kwa Scotland, pokumbukira malemuyo ndi kusonkhetsa ndalama zothandizira odwala khansa. Mwafunsanso za masiku, mwezi wabwino ndi kasonkhetsedwe ka ndalamazo. Mungathe ndithu, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mupite. Ine ndi bambo akunyumba tinauyenda ulendowu pa tandem, iwo kutsogolo ine kumbuyo, ndipo panjira tinkakumana ndi agogo a imvi mbuu akupalasa bwinobwino. Ena m'gulu muno akuuzani kale zolimbitsa thupi, ndipo sakunama. Koma pa njinga ya awiri chimene chimathetsa ulendo msanga ndi kusamvana, ndiye ine ndikhala kwambiri pamenepo.

Musanagule ngakhale pampu, kaonaneni ndi banja la malemu. Dzina lake ndi chithunzi chake zidzakhala pa intaneti, pa malaya anu, mwinanso m'nyuzipepala ya m'dera lanu. Akazi ake kapena makolo ake kumudzi asadzamve kwa anthu apadera kuti nkhope ya wokondedwa wawo ikuzungulira pa Facebook pamodzi ndi pempho la ndalama. Mukudziwa mmene timayankhulira ife, sipatenga nthawi wina kunena kuti mukudyera maliro. Akhazikeni pansi, kapena imbani foni mwaulemu ngati ali kumudzi. Chithunzi asankhe ndi iwo. Afunseni ngati akulola kuti matendawo atchulidwe poyera, chifukwa mabanja ena safuna. Bungwe lolandira ndalama mugwirizanenso nawo.

Tsopano njingayo. Musaiyese kabaza, poti wakumbuyo amangokhala phee n'kumacheza pa foni. Pa tandem mapedulo a onse awiri amalumikizidwa ndi tcheni chimodzi, ndiye wina akapalasa mnzake amapalasanso, wina akasiya mwadzidzidzi mnzake amamva kukoka m'mawondo. Wakutsogolo ndiye amagwira chiwongolero, mabuleki ndi magiya, ndipo nthawi zambiri amakhala amene ali wamtali ndi wolemera. Wakumbuyo saona msewu, amaona msana wa mnzake basi. Taganizani kutsika chitunda mothamanga mulibe buleki m'manja, simukuona kumene mukupita. Pamafunika kukhulupirirana kwenikweni.

N'chifukwa chake wakutsogolo ayenera kuyankhula nthawi zonse. Dzenje likubwera, anene lisanafike, kuti wakumbuyo anyamuke pang'ono pa chishalo, poti iyeyo amakhala pafupi ndi tayala lakumbuyo ndipo bampu iliyonse imamupweteka kuposa mnzake. Akufuna kusintha giya, anene, nonse muchepetse mphamvu. Akufuna kuima, anene. Ponyamuka, wakutsogolo amaima chotang'adza atagwira mabuleki onse awiri, wakumbuyo amakwera n'kuika mapazi onse pa mapedulo, n'kutembenuza pedulo kufika pamene mnzake akulifuna, kenako "tiyeni". Pa maloboti wakumbuyo satsitsa phazi. Zikuoneka zazing'ono, koma mudzazichita kambirimbiri pa tsiku, muli otopa, mvula ikugwa, malole akudutsa pafupi. Wakumbuyo akanena kuti liwiro lachuluka, ndiye kuti lachuluka, palibe kutsutsana. Ntchito yake iye ndi kuona mapu, kukweza mkono pokhota, kusenda nthochi ndi kupatsira mnzake. Asamapendekere mbali kufuna kusuzumira kutsogolo, njinga yonse imagwedezeka.

Yambani kupalasa limodzi miyezi ingapo ulendo usanafike, pa njinga yomweyo imene mudzayendere, itanyamula katundu. Aliyense payekha angakhale katswiri, koma wina amakonda kuzungulitsa miyendo mofulumira pa giya yopepuka, wina pang'onopang'ono pa giya yolemera, ndipo izi zimakanganitsa. Muyesenso kupalasa mtunda wautali masiku awiri kapena atatu otsatizana, chifukwa chovuta ndi kukweranso m'mawa matako akuwawa. Makabudula a siponji aja agulidwe, ndipo savalidwa ndi kabudula wina mkati. Ngati njinga mulibe, yang'anani ku Tandem Club ya kuno ku Britain, mamembala ake amagulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito.

Tandem ndi yaulesi pokwera, koma potsetsereka imathamanga moopsa poti yanyamula anthu awiri. Mukangofinya mabuleki osasiya pa chitunda chachitali, malimu amatentha moti simungawagwire ndi dzanja, ndipo chubu chikhoza kuphulika. Finyani, siyani, finyaninso, ndipo imani pakati kuti azizire. Pezani njinga ya magiya opepuka kwambiri ndi mawilo a masipoko 40 kapena 48. Nyamulani masipoko apadera ndi mawaya a buleki ndi giya yakumbuyo, chifukwa a tandem ndi aatali ndipo mashopu ambiri a njinga sasunga.

Za mtunda: chikwangwani cha ku Land's End chimati mamailosi 874, omwe ndi makilomita pafupifupi 1,400. Koma mukamapewa misewu ikuluikulu mudzayandikira mamailosi 1,000. Ambiri amatenga masiku 10 mpaka 14. Inu tengani 14, pa mamailosi 70 pa tsiku, ndipo ngati kuntchito angakuloleni onjezani tsiku lopuma pakati. Yambirani kummwera, chifukwa mphepo ya kuno nthawi zambiri imachokera kummwera chakumadzulo, ndiye imakukankhani kumsana. May, June kapena kumayambiriro kwa September ndiyo nthawi yabwino. Mu June ku Scotland kumada mochedwa, cha m'ma 10 koloko usiku kukadali kowala. July ndi August malo ogona ku Cornwall, dera limene kuli Land's End, amadzaza ndi kudula, komanso ku Highlands, dera la mapiri la ku Scotland, tizilombo toluma tija totchedwa midges timakhala tambiri.

Anthu amaopa mapiri a ku Scotland, koma pozunza penipeni ndi poyambirira, Cornwall ndi Devon. Zitunda zake ndi zazifupi koma zoimirira, mukatsika mumtsinje mukweranso pompo, tsiku lonse. Masiku amenewo chepetsani mtunda, ndipo kutsika n'kukankha njinga si manyazi. Msewu wa A30 upeweni, magalimoto amathamanga kwambiri ndipo okwera njinga afapo. Mukafika ku Somerset dziko limayamba kusalala, m'pamene mudzamve kukoma kwa tandem. Kuchokera ku Bristol mumaoloka pa Severn Bridge yakale, yomwe ili ndi kanjira ka njinga, n'kulowa ku Chepstow, kutsata mtsinje wa Wye mpaka ku Monmouth, kenako Hereford ndi Shrewsbury. Pakati pa Warrington ndi Preston ndi m'matauni mokhamokha, pirirani. Mukadutsa Kendal pali chitunda cha Shap, chachitali koma chokwereka, kenako Penrith, Carlisle, ndipo pa Gretna mwalowa mu Scotland.

Mukasankha kudzera ku Glasgow mudzadutsa pafupi ndi Blantyre wa kuno, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, komwe Blantyre wathu anatengera dzina. Ngati malemu anali wa ku Blantyre wathu, Blantyre wa kunoyu ndi malo abwino oitanirako anzake kuti adzakuchingamireni. Kumpoto kwa Pitlochry, pa Drumochter, pali kanjira ka njinga m'mbali mwa A9, musakwere mumsewu waukuluwo. Mukapitirira Inverness ndikulangizani njira ya ku Lairg, Altnaharra ndi Bettyhill mpaka ku Thurso, kenako n'kukafika ku John o' Groats. Ndi yabata, koma mashopu ndi otalikirana, ndiye zakudya ndi madzi zikhale m'chikwama ndipo malo ogona mulipiriretu.

Chinthu china anthu sakuuzani. Chisoni chimabwera panjira, makamaka m'malo a zii ngati amenewo, thupi litatopa. Mmodzi akhoza kuyamba kulira, mnzake n'kufuna kungokhala chete, ndipo muli pa njinga imodzi, palibe kothawira. Kambiranani musananyamuke kuti aliyense ali ndi ufulu woimitsa njinga popanda kufunsidwa chifukwa. Ndipo musakambirane nkhani yosiya ulendo muli ndi njala. Idyani kaye, mugone, mukambirane m'mawa.

Ndalama zisadutse m'manja mwanu. Tsegulani tsamba pa JustGiving, malo a pa intaneti osonkhetserapo ndalama, lolumikizidwa ndi bungwe lenilenilo, kaya ndi Macmillan Cancer Support, Marie Curie, Cancer Research UK kapena hospice (malo osamalira odwala matenda osachiritsika) imene inasamalira malemu, kuti ndalamazo zizipita komweko. Mukatero, aliyense wolipira msonkho kuno akavomera Gift Aid, ndondomeko imene boma limabwezera msonkho ku mabungwe othandiza, bungwelo limalandira 25p yowonjezera pa paundi iliyonse. Tsamba longosonkhetsera m'dzina lanu lilibe mwayi umenewu. Ngati banja likufuna kuti thandizo lipite kumudzi, mwachitsanzo ku malo osamalira odwala khansa ngati Ndi Moyo ku Salima, dzerani ku bungwe lolembetsedwa kuno, ndipo nambala yake muitsimikize pa tsamba la Charity Commission, ofesi yolembetsa mabungwe othandiza, kapena la inzake yotchedwa OSCR ngati ndi la ku Scotland. Zogona, zakudya ndi njinga mulipire ndi ndalama zanu, ndipo mulembe zimenezi poyera pa tsambalo. Uzaninso bungwelo msanga, ambiri amatumiza malaya ndi kuthandiza kufalitsa uthenga. Tsiku lililonse ikani chithunzi chimodzi ndi mawu ochepa okhudza malemu, nkhani imene banja lavomereza. Anthu amaperekabe ulendo uli mkati.

Mayendedwe a njingayo muwakonze pano. Masitima ambiri a kuno salola tandem chifukwa cha kutalika kwake. Siteshoni yapafupi ndi Land's End ndi Penzance, mamailosi ngati 10, ndipo kumpoto ndi Wick kapena Thurso, koma musadalire kuti akakukwezani nayo. Pezani m'bale wa vani woti akakutuleni ndi kudzakutengani, kapena kampani yonyamula njinga, mugwirizane mtengo nthawi ikadalipo. Wa vaniyo akakhala woti angakutsatireni ulendo wonse atanyamula zikwama, mwapepukidwa kwambiri pa zitunda za ku Devon.

Ndiuzeni ku inbox kutalika kwa nonse awiri ndi tauni imene mukukhala. Saizi ya tandem imavuta kupeza ngati mukusiyana kwambiri msinkhu, ndipo ngati muli chapafupi mubwere Loweruka lina mudzayese yathu musanawononge ndalama.